Funsani Azamba: Wagona pa leba usana ndi usiku, kodi anamwino anamutaya?

Makalata ambiri a mwezi uno achokera konkuno kwathu ku Mchinji. Ndasankhamo asanu, ndipo mayina ndabisa monga mwa nthawi zonse.

Bambo wa ku Kamwendo: Azamba, mkazi wanga matenda anamuyamba Lachiwiri usiku, mimba yake yoyamba. Lachitatu m'mamawa tinali titafika kuchipatala. Namwino anamuyeza n'kumuuza kuti atuluke akayendeyende. Dzuwa linalowa asanachire, ndipo mwana anabadwa Lachinayi tambala woyamba atalira. Onse ali bwino, koma apongozi anga mpaka lero akuti anamwino anatitaya, akanangomubaya jakisoni wofulumizitsa. Zoona zake n'ziti?

Bambo, ndikuyamikireni kaye chifukwa cha mlendo wafikayo. Momwe mwafotokozeramu, ine sindikuonapo kutayidwa. Ndikuona mimba yoyamba imene inayenda m'nthawi yake, ndiponso banja limene silinauzidwe zimene zinkachitika.

Inu maola mukuwerengera pamene mkazi wanu anayamba kugwira msana Lachiwiri usiku. Ife pa leba timawerengera pa khomo la chiberekero. Miyezi yonse ya pathupi khomo limeneli limakhala lotseka, lolimba ndi lalitali. Kuti mwana adutse liyenera kufewa, kufupika, kupyapyala, kenako n'kutseguka mpaka masentimita 10. Kwa mayi wa mimba yoyamba kupyapyalako kumatsogola, kutseguka kumabwera pambuyo, ndipo ntchito yoyambirirayi imapweteka ndithu koma ndi yozengereza. Mayi akhoza kuchezera usiku wonse, n'kuswera tsiku lotsatira ali pa masentimita 2 kapena 3 popanda cholakwika. Tsono namwino akayeza n'kupeza masentimita 2, mtima wa mwana ukugunda bwino, nsupa isanasweke, BP ili m'malo mwake, chanzeru n'kumuuza mayiyo kuti ayende, amwe kaphala, amwe madzi ndipo azikodza pafupipafupi. Kugona chagada pa bedi sikufulumizitsa kanthu. Kuyenda kumathandiza mutu kutsika, ndipo chikhodzodzo chodzaza chimatchinga njira ya mwana.

Khomo likafika masentimita 4 kapena 5, nkhani imasintha. Apa timatenga pepala lolembapo mmene leba ikuyendera, limene timaliti patogirafu. Analikonza madokotala awiri, Philpott ndi Castle, mu 1972 ku Harare, mzindawo ukadali kutchedwa Salisbury. Cholinga chawo chinali chakuti mzamba wa pa chipatala chaching'ono, ngati anzanga a ku Mkanda kapena ku Kaigwazanga, adziwe nthawi yotumiza mayi ku chipatala chachikulu zisanafike pa mwana wakana phala. Papepalapo pali mizere iwiri yopendekeka. Woyamba ndi wochenjeza, ndipo umayembekezera kuti khomo lizitseguka sentimita imodzi pa ola. Wachiwiri uli maola 4 kumanja kwake. Mayi akafika pa wachiwiriwo kudikira kwatha, pakufunika kiliniko ofesa kapena dokotala agamule chochita. Mzamba wa pa chipatala chaching'ono sadikira mzere wachiwiri. Mayi akangodumpha woyamba iye amayamba kuitana ambulansi, chifukwa maola 4 aja ndi a panjira, ndipo amene anayendapo misewu yathu yafumbi mu Febuluwale akudziwa kuti nthawi zina sakwanira n'komwe.

Mu 2018 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena kuti sentimita imodzi pa ola ndi liwiro lopitirira kwa amayi ena athanzi, ndipo mu 2020 linatulutsa pepala latsopano loyambira pa masentimita 5. Ine ndinagwirizana nazo, chifukwa amayi oyenda pang'onopang'ono n'kuchira bwinobwino opanda dilipi ndawaona ambiri. Kuchokera pa masentimita 5 kufika pa 10, mimba yoyamba kawirikawiri sidutsa maola 12, ndipo kwa amene anaberekapo ndi maola 10. Mukaphatikiza ndi nthawi yoyambirira ija, muona kuti Lachiwiri usiku mpaka Lachinayi m'bandakucha si zachilendo.

Komatu khomo si chinthu chokha chimene timayang'ana, ndipo mzamba wongowerenga masentimita ndi woopsa. Mtima wa mwana timaumvera mphindi 30 zilizonse, ndipo uyenera kugunda pakati pa 110 ndi 160 pa mphindi. Timaika dzanja pamimba mphindi 10 kuwerenga kuti chiberekero chafinya kangati komanso kwa masekondi angati. Kufinya kogwira ntchito kumabwera katatu kapena kanayi, kulikonse kukutha masekondi 40 kapena kupitirirapo. Timagwira pamwamba pa fupa la chinena kuona kuti mutu watsala wochuluka bwanji kumtunda: zala zisanu zikakwana pamutupo ndiye kuti sunalowe, zikamakwana ziwiri ndiye kuti walowa m'chiuno. Nsupa ikasweka timaona mtundu wa madziwo. Oyera ndi abwino, obiriwira amatiuza kuti mwana wachita chimbudzi m'mimba ndipo mwina watopa. Timamvanso mafupa a mutu wa mwana ngati akwerana kwambiri, chifukwa khomo likamatseguka koma mutu osatsika, mafupawo akumka nakwerana, ndiye kuti njira yachepa. Kulowetsa zala timachita pakatha maola 4. Amayi ena amakwiya kuti sakuyezedwa pafupipafupi, koma kuyeza kulikonse kumakankhira tizilombo m'kati, makamaka nsupa itasweka kale.

Tsono za jakisoni wa apongozi anu. Mankhwalawo ndi oxytocin. Mwana asanabadwe sitibaya pantchafu, timathira mu dilipi n'kumawerenga madontho, ndipo timatero pokhapokha tatsimikiza kuti vuto ndi kufinya kofooka. Vuto likakhala mutu waukulu kuposa chiuno, kapena mwana wagona mopingasa, mankhwala omwewo amang'amba chiberekero. N'chifukwa chake malo ake ndi chipatala chimene chili ndi chipinda cha opareshoni. Kumuika dilipi imeneyi mkazi wanu ali pa masentimita 2, zonse zili bwino, kukanakhala kumuputira mavuto amene analibe.

Pamene apongozi anu ali ndi mfundo ndi pa mawu. "Dikirani" wopanda chifukwa amamveka ngati "chokani apa". Ndikudziwa kuti usiku namwino mmodzi amakhala ndi amayi angapo nthawi imodzi, wina akukankha, wina akutaya magazi, koma kufotokoza sikutha mphindi ziwiri. Ulendo wina, inu kapena gadiyani mufunse mwaulemu zinthu zitatu: khomo latseguka masentimita angati, mtima wa mwana uli pa chiyani, ndipo mumuyezanso nthawi yanji. Namwino amene akutsatira bwino amayankha ndi manambala osaganiza kawiri. Ndipo musachite manyazi kugogoda pa chitseko nthawi yoyeza isanakwane ngati madzi atuluka obiriwira, magazi ayamba kuyenda, thupi latentha, mwana wasiya kusuntha, kapena pakhomo paoneka mchombo kapena dzanja. Mchombo ukatsogola, mayi agwade, chifuwa pansi matako m'mwamba, wina athamangire namwino.

Mtsikana wa zaka 19 wa ku Mkanda: Mimba yanga ili ndi miyezi 8. Apongozi andikonzera mwanamphepo woti ndidzamwe matenda akadzayamba kuti ndisadzachedwe. Akutinso ndikadzachedwa ndiye kuti ndi mapinga, ndidzayenera kutchula amuna amene ndinayenda nawo. Ine sindinayendepo ndi wina. Ndikane bwanji osawanyoza?

Mwana wanga, mankhwalawo usamwe. Ndikunena mosapsatira chifukwa zotsatira zake ndimaziona pa tebulo la opareshoni.

Sindikutsutsa kuti mwanamphepo amagwira ntchito. Vuto lake ndi lomwelo. Amafinyitsa chiberekero, koma palibe amene amadziwa mphamvu ya chikho chimene wapatsidwa, chifukwa aliyense amasakaniza mizu ndi masamba ake. Dilipi ya kuchipatala ikachuluka mphamvu timaitseka. Chimene chalowa m'mimba ndi phala sichitsekeka. Mwana amalandira magazi ndi mpweya wabwino pamene chiberekero chapuma pakati pa kufinya kuwiri, ndiye kufinya kukamabwera kotsatizana popanda mpumulo, mwana amabanika. Khomo likakhala lisanatseguke, kapena mutu sukukwana, chiberekero chimakankha mpaka chimang'ambika. Mayi amene amalira kwambiri amangoti zii mwadzidzidzi, agogo n'kumati wapumula, pamene magazi akutayikira m'kati. Amatuluka thukuta lozizira, mtima umathamanga, ziwalo za mwana zimagwirika pansi pa khungu penipeni. Mwana nthawi zambiri sapulumuka, ndipo mayi akapulumuka mwina chiberekero chachotsedwa ali ndi zaka 19. Amene wamwa kale, auze namwino pofika. Mwina namwinoyo amukalipira, koma adziwa kuti mayi ameneyu sayenera kumuchokera.

Za mapinga. Ndathandiza azimayi a mvano okhulupirika amene anachira pa sizala, ndiponso ena a mbiri zawo m'tauni amene mwana anangotuluka asanakwere n'komwe pa bedi. Kuchedwa kumabwera chifukwa chiberekero chikufinya mofooka, kapena mwana wagona molakwika, mwina wayang'ana kumwamba, mwina watsogoza chipumi, mwina wapingasa. Nthawi zina mutu ndi waukulu kuposa chiuno, ndipo izi zimachuluka kwa atsikana amene mafupa awo sanamalize kukula komanso amene anakula mopinimbira chifukwa cha njala. Kutchula mayina sikukulitsa fupa. Chimene chimandipweteka pa mwambo umenewu ndi maola amene amatha azimayi atazungulira mtsikana kumuumiriza kuti aulule, iye n'kumatchula ngakhale anthu osalakwa kuti angomusiya, pamene mutu wa mwana ukupanikiza chikhodzodzo pa fupa. Mnofu wopanikizidwa nthawi yaitali umafa, ndipo pakapita masiku ochepa pamabooka, mkodzo n'kumangotuluka wosaleka. Imeneyo ndi fisitula. Amasoka kwaulere ku Bwaila ku Lilongwe ndipo ambiri amachira, koma kawirikawiri mwana amene anachititsa bala limenelo amakhala anatayika kale.

Apongozi ako si mdani. Iwo anabereka m'nthawi imene chipatala chinali kutali, ndipo akukupatsa chimene iwo anapatsidwa. Boma linaletsa azamba a kumudzi kubereketsa mu 2007, mafumu ambiri anaika chindapusa kwa ochirira pakhomo, ndipo kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 91 mwa 100 alionse ankabadwira kuchipatala. Imfa za amayi zinatsika kuchoka pa 984 mu 2004 kufika pa 439 pa ana 100,000 obadwa amoyo m'kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 yemweyo. Nambala imeneyo inali ikadali yaikulu, koma ikusonyeza kumene zinthu zinapendekera.

Iwe usalimbane nawo wekha. Nkhaniyi ndi ya mwamuna wako, alankhule ndi mayi ake. Kenako uwatenge apongoziwo ku sikelo yotsatira, namwino awauze yekha, chifukwa mawu omwewo akachokera kwa mpongozi amamveka mwano. Ndipo poti kwanu n'kutali, mwezi wa 9 ukangoyamba pita ku nyumba yodikirira ya pachipatala. Posankha gadiyani, sankha amene sadzabisa botolo m'chitenje.

Mayi wa ku Kapiri: Ndili ndi pathupi pa miyezi 7. Mapazi anayamba kutupa kalekale, koma sabata ino nkhope ndi manja zatupanso, mphete sikuvulika. Mutu ukuwawa, Panado sakuthandiza, ndipo nthawi zina ndimaona tinyenyezi. Anzanga akuti ndi chizindikiro cha mapasa. Sikelo yanga ndi ya mwezi wamawa.

Mayi, kalata yanu itangofika ndinapempha akonzi kuti akuimbireni tsiku lomwelo, ndipo ndikukhulupirira munapita. Ndikuyankha pano chifukwa cha ena amene ali ndi zomwezi ndipo akudikira tsiku lolembedwa m'kabuku. Tsiku limenelo ndi la mayi amene ali bwino. Wa zizindikiro ngati zanuzi sikelo yake ndi lero, ngakhale ndi Lamlungu, ngakhale ndi usiku.

Kutupa mapazi madzulo n'kuphwa m'mawa kumachitikira amayi ambiri ndipo pakokha sikundiopsa. Kutupa nkhope ndi manja mwadzidzidzi, pamodzi ndi mutu wosamva mankhwala, maso ochita chidima kapena tinyenyezi, kapena ululu pansi pa nthiti chakumanja umene ena amauyesa chilungulira, zimenezo zimaloza ku BP ya pathupi, imene m'mabuku athu timalemba kuti pre-eclampsia. Imayamba mimba ikadutsa masabata 20. Timaitsimikiza BP ikafika 140/90 kapena kupitirira, ndipo kapepala koviika mu mkodzo kakasonyeza kuti impso zikutaya mapuloteni. Ikafika 160/110 ndiye kuti madzi afika m'khosi. Gwero lake ndi nsengwa imene sinamere bwino m'chiberekero, ndipo imasokoneza mitsempha ya magazi thupi lonse: impso, chiwindi, ubongo. Mwana naye amalandira chakudya chochepa ndipo amakula monyentchera. Anzanu sananame kotheratu, chifukwa mimba ya mapasa ili m'gulu la zimene zimakonda kubweretsa vutoli, pamodzi ndi mimba yoyamba, mimba ya mtsikana wamng'ono kapena ya mayi wopitirira zaka 35, shuga, BP yakale, ndi amene zinawachitikirapo pa mimba ina. Koma kunena kuti ndi mapasa n'kukhala pansi, ndiye kulakwa kwake.

Choopsa chake n'chakuti amayi ambiri samva kalikonse mpaka mochedwa. Mayi amabwera akuseka, wapalasa njinga yekha, makina n'kuonetsa 170/115. N'chifukwa chake masiku ano timafuna mayi aonedwe maulendo 8 pa mimba imodzi, kuyambira m'miyezi itatu yoyamba, osati kudikira kuti mimba ioneke poopa maso a anthu. Akakuyezani BP, funsani nambala ndipo muone kuti yalembedwa m'kabuku. Makina akakhala kuti afa kapena mabatire atha, musangopita kunyumba mwezi wathunthu, kayezetseni pena sabata yomweyo.

Kuchipatala akakupatsani mankhwala otsitsa BP monga methyldopa, nifedipine kapena hydralazine. Zikakhala zafika poopsa akubayani magnesium sulphate, wina pamtsempha wina m'matako onse awiri, woteteza kukomoka. Amaotcha thupi ndipo jakisoni wake amapweteka, ndikuuziranitu. Amabwerezedwa maola 4 alionse mpaka patatha maola 24 mwana atabadwa, ndipo nthawi iliyonse namwino amayamba wagogoda bondo, kuwerenga kapumidwe ndi kuyeza mkodzo, kuona kuti mankhwalawo sanachuluke m'thupi. Koma zonsezi n'zongogulira nthawi. Matendawa amatha nsengwa ikatuluka. Akakhala ochepa mphamvu timayesetsa kufikitsa mimba pa masabata 37. Akakula mwana amatulutsidwa msanga ngakhale masiku asanakwane, ndipo mimba ikakhala isanafike masabata 34 mayi amabayidwa dexamethasone wokhwimitsa mapapo a mwana. Abale ambiri amakana pamenepa, amati mwana sanakhwime. Ndimawamvetsa, koma mwana wa miyezi 7 amene watuluka akhoza kukula pa chifuwa cha mayi ake pa kangaru, pamene wotsala m'mimba ya mayi wokomoka ali pangozi limodzi ndi mayiyo.

Kusiya mchere sikuchiza vutoli, ndipo adyo ndi mandimu sizitsitsa BP imeneyi. Amene zinakuchitikiranipo, nenani pa sikelo yoyamba ya mimba yotsatira, chifukwa pali asipirini wa mphamvu yochepa amene adokotala amalembera kuyambira cha pa masabata 12 kuti achepetse ngozi. Musagule nokha pa golosale.

Kwa a pakhomo: mayi woyembekezera, kapena amene wangochira kumene, akagwa n'kumaphupha, mugonekeni chammbali cha kumanzere, chotsani zimene zingamupweteke, musaike supuni kapena chala m'kamwa, musamumwetse kanthu. Kuphuphako kukangoleka, mutengereni kuchipatala, osati kwa asing'anga. Malungo aakulu nawo amakomola, ndipo kusiyanitsa ziwirizi kumafuna kuyeza magazi ndi BP. Vutoli limathanso kuyamba mwana atabadwa kale, makamaka sabata yoyamba, choncho mutu waukulu wa mayi wa mwana wakhanda si wongoti wasowa tulo.

Mayi wa ku Tembwe: Mwana wanga woyamba ndinachira pa sizala. Pano ndili ndi miyezi 8 ndipo dzana ndinadzuka nsalu itanyowa magazi ofiira, koma osamva kupweteka kulikonse. Anasiya okha. Ndidikire?

Ayi, achemwali. Magazi ofiira opanda ululu m'miyezi yomaliza kawirikawiri amatanthauza kuti nsengwa yamera m'munsi, pafupi ndi khomo kapena kulitseka kumene, ndipo chipsera cha sizala chimawonjezera mpata wa zimenezi. Oyamba amakonda kusiya okha. Achiwiri ndi amene amabwera ochuluka. Mtundu wina ndi wa nsengwa yomatuka nthawi isanakwane: umenewo umapweteka kwambiri, mimba imauma gwa, magazi amakhala akuda kapena osaoneka n'komwe chifukwa atsekeredwa m'kati. Zonse ziwiri n'za chipatala chimene chili ndi sikani, opareshoni ndi magazi, choncho lunjikani pa Boma. Munthu aliyense asalowetse zala musanajambulidwe, ndipo bambo adikire kaye. Tengani abale awiri athanzi amene angapereke magazi akafunika. Ngakhale sikani itaonetsa kuti zonse zili bwino, mayi wa chipsera sayambira matenda kunyumba.

Mayi wa ku Ludzi: Ndinali gadiyani wa mng'ono wanga. Mwana atangotuluka namwino anamubaya pantchafu osamuuza, kenako ankabwera pafupipafupi kumukanya pamimba mwamphamvu iye akulira. Anatikanizanso kutuluka tsiku lomwelo ngakhale anali bwino. Kodi si nkhanza zimenezi?

Mayi, kusamuuza kunali kulakwa, munthu ayenera kudziwa chimene akubayidwa. Koma zochitazo zinali zoyenera, ndipo ndikanadandaula kwambiri mukanandilembera kuti palibe anamukhudza.

Mimba ikakhwima, magazi opitirira theka la lita amadutsa m'chiberekero mphindi iliyonse. Nsengwa ikamatuka imasiya bala lalikulu la mitsempha yotseguka, ndipo chotseka mitsempha imeneyo si ulusi, ndi chiberekero chenichenicho chikafinya. Chikalephera, mayi wathanzi akhoza kutha m'maola awiri. Kutaya magazi pambuyo pochira ndi chimodzi mwa zimene zimapha amayi kwambiri m'dziko muno. Jakisoni wa pantchafu uja ndi oxytocin yemwe ndamukaniza m'yankho loyamba lija. Mwana ali m'kati ndi woopsa, mwana atatuluka ndi wopulumutsa, ndipo timabaya mayi aliyense mphindi imodzi isanathe. Kukanyako n'kuona ngati chiberekero chalimba, ndipo timabwereza mphindi 15 zilizonse kwa maola awiri oyamba. Inunso monga gadiyani mukhoza kugwira pansi pa mchombo: chiyenera kumveka cholimba ngati papaya losapsa. Chikakhala chofewa, tikitani mwamphamvu uku mukuitana namwino. Mayi akodze, ndipo mwana ayamwe msanga, chifukwa kuyamwa nako kumafinyitsa chiberekero.

Malire athu ndi theka la lita. Pamaso pokha timanamizika, choncho yang'anani nsalu. Chitenje chikanyowa chonse m'kanthawi kochepa, kapena pakutuluka zibuma zikuluzikulu, kapena mayi akuti chizungulire ndi ludzu, nenani msanga, musapinde nsaluyo n'kubisa pansi pa bedi chifukwa cha manyazi. Nthawi zambiri chifukwa chake ndi chiberekero chofooka, makamaka kwa amene anachedwa pa leba, a mapasa ndi amene abereka kambiri. Nthawi zina ndi kung'ambika kwa njira kapena kachidutswa ka nsengwa kotsalira, n'chifukwa chake mumationa tikuitembenuza nsengwa ija m'beseni. Pali mankhwala ena, tranexamic acid, amene amathandiza magazi kuundana, koma amagwira bwino akaperekedwa maola 3 asanathe chibadwire mwana. Wochirira kunyumba n'kuyamba kufunafuna ngolo, maola amenewo amathera panjira.

Mayi amene wafika pa leba ali kale ndi magazi ochepa ndi amene amagwa msanga. Mapilisi a ayironi aja amene ambiri amaponya kuseri kwa ndowa chifukwa amachititsa nseru, Fansidar wa ku sikelo katatu kapena kupitirira, mankhwala a njoka za m'mimba ndi kugona m'neti, ntchito yake imaonekera tsiku limeneli.

Maola 24 amene anakusungani aja ndi amene magazi ndi BP zimakonda kutembenuka. Mng'ono wanu abwerere pa masiku amene amulembera m'kabuku mpaka sikelo ya masabata 6. Koma asadikire tsiku lolembedwa ngati magazi achulukanso m'malo mochepa, zotuluka zayamba kununkha, thupi latentha, mwendo umodzi watupa n'kumapweteka, kapena mwana wasiya kuyamwa.